Nsima ya mizimu ku Mulanje

Anandituma kukajambula mawu a phiri la Mulanje, madzi, mbalame ndi mphepo, kuti tikaphatikize ndi nthano pa pulogalamu ya pawailesi. Ku Sapitwa kwa mamita 3,002 kuja sindinalakalakeko, miyendo yangayi ndi ya mu ofesi. Ndinangoyambira pa Likhubula n'kupitirira Dziwe la Nkhalamba pang'ono. Wondiperekeza ndinamuuza kuti atsalire m'munsi, chifukwa patapata wake ankangoti phwa phwa phwa m'maikolofoni.

Nditakhota pathanthwe lina ndinangoona kontena. Kutsegula, mitanda itatu ya nsima yofunda bwinobwino, usipa wa tomato, pambali nthochi ziwiri. Munthu kulibe.

Aliyense wokulira kuno amalidziwa lamulo: ukapeza chakudya paphiri, ndi mizimu yakukonzera. Udye wekha, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Ine nkhanizi ndimazitsutsa kwambiri ndikakhala ku Blantyre nditakhuta. Koma apa inali itakwana 1 koloko. Ndinavula chipewa, kugwada, kuwomba m'manja katatu, n'kuyambapo. Mizimu imeneyi mchere imautha.

Ndili pa mtanda wachitatu, tchire linagwedera. Panatuluka bambo wamtali, thupi lonse tuu ndi fumbi, chikwanje m'manja. Ntchintchi inandiuma pakhosi. Ndinagwetsa nkhope pansi.

"Zikomo makolo, ndalandira."

"Makolo ake ati? Achimwene, nsimayo mayi a kunyumba alawirira m'mamawa kuphika!"

"Pepani bambo, ndimayesa ndi ya eni phiri."

"Eni phiri amapakulira m'kontena ya majarini?"

Apo ndinasowa poyankha. Anali kudula nkhuni chapafupi, ndipo anandionerera kuyambira pogwada paja, akuti ankafuna aone kuti pemphero litha bwanji. Ndalama ya minibasi yonse inathera pomwepo, nthochi n'kubweza imodzi. Inayo ndinali nditaisenda kale.

Makina aja anali akujambulabe nthawi yonseyi. Lolemba ku ofesi abwana anavala mahedifoni, natseka maso. Madzi a Likhubula anawayamikira, mbalame nazonso. Kenaka anadzidzimuka, n'kubwezera pambuyo kawiri.

"Kugunda uku ndiye kwabwino zedi! Tikuika pa nthano ya Napolo, pamene akutsika phiri. Unakupeza kuti?"

Anali ine ndikugeya.