Kuchokera m'khola la mbewa kufika pa maikulosikopu

Ndimagwira ntchito mu labu yofufuza za ubongo, ndipo gawo langa ndi kusamalira mbewa kuyambira tsiku zafika mpaka ubongo wake utaoneka pa maikulosikopu. Lipoti la kafukufuku likamatuluka, zonsezi zimangotenga mizere itatu, chonsecho ndi ntchito ya milungu yambiri.

Sindikhudza mbewa ngakhale imodzi komiti yoona za chisamaliro cha nyama isanavomereze ndondomeko yathu. Mafunso ake ndi omwe aja William Russell ndi Rex Burch anayala mu 1959: kodi palibe njira ina yopanda nyama? Ngati palibe, muchepetsa bwanji chiwerengero chake? Nanga ululu muuchepetsa motani? Dzina langa liyenera kuoneka pa chilolezo, limodzi ndi umboni woti ndinaphunzitsidwa chilichonse chimene ndikachite.

Mbewa zathu zambiri ndi zakuda zija za mtundu wa C57BL/6. Zikafika ndimazisiya pafupifupi mlungu wathunthu kuti zizolowere malo. Magetsi m'chipinda chawo amayaka maola 12 n'kuzima maola 12, ndipo poti mbewa zimatakataka usiku, ndimaziyesa pa ola limodzimodzi tsiku lililonse.

Pozizoloweza dzanja langa m'pamene ndimachedwa dala. Kale ankanyamula mbewa pogwira mchira, koma mu 2010 Jane Hurst ndi Rebecca West a ku University of Liverpool anaonetsa kuti kutero kumazipatsa mantha, pomwe kuzinyamulira m'kapaipi kapena pachikhatho kumazikhazika mtima pansi. Choncho masiku oyamba ndimangoika dzanja m'khola, izo n'kumalinunkhiza, mpaka ina ikwerepo yokha. Sindidzola zonunkhira, ndipo sopo sindisintha kafukufuku ali mkati. Anzanga ena amati ndimanyanya. Komatu gulu la Jeffrey Mogil ku McGill University linapeza mu 2014 kuti fungo la mwamuna lokha limasokoneza mbewa, moti zimaonetsa ululu wochepa kusiyana ndi pamene woziyesa ndi mkazi. Ngati fungo lingasinthe zotsatira chonchi, mbewa yonjenjemera ndi mantha ingakuuze zoona zanji za kukumbukira kwake?

Mayeso athu ndi a dziwe lozungulira, amene anayambitsa Richard Morris. Madzi timawathira utoto woyera wosavulaza kuti kansanja kopumirapo kasaoneke. Mbewa imasambira, kamera ikujambula njira yake, ndipo masiku akamapita imaphunzira pomwe pali kansanjako poyang'ana zizindikiro za pakhoma. Mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus ndiyo imagwira ntchito yaikulu pamenepa. Ikatuluka m'madzi ndimaipukuta n'kuiika pofunda, chifukwa kanyama kakang'ono chotere sikachedwa kuzizidwa. Pa makola pamakhala manambala okha. Mndandanda wosonyeza mbewa zimene zinalandira mankhwala amasunga mnzanga, kuopa kuti maso anga angamaone zimene mtima ukufuna.

Tsiku lomaliza ndi lolemera, ndipo wotchi ndiyo imalamula. Timafunafuna puloteni yotchedwa c-Fos, imene imachuluka m'maselo amene angogwira kumene ntchito, ndipo imafika pachimake patatha mphindi pafupifupi 90 maselowo atagwira ntchitoyo. Ndimabaya mbewa mankhwala ogonetsa ochuluka, kenako ndimatsina chala chake cha kumwendo. Ikangokoka mwendo ngakhale pang'ono, ndimadikira, kaya wina akundifulumizitsa. Ikagoneratu, ndimalowetsa madzi amchere a PBS kudzera mumtima mpaka chiwindi chitayera, chizindikiro choti magazi atuluka, kenako paraformaldehyde wa 4 peresenti woumitsa minofu. Mbewayo sidzukanso. Zonsezi ndimachitira m'kabati yokoka mpweya, poti nthunzi ya mankhwalawa ingathe kuyambitsa khansa.

Ubongo wa mbewa sukwana n'komwe theka la galamu, ndipo pouchotsa m'chigaza dzanja likangoterereka ndiye kuti milungu yonse ija yapita pachabe. Umagona usiku umodzi mu paraformaldehyde yemweyo, kenako ndimauviika m'madzi a shuga wa 30 peresenti kuti usadzang'ambike pouumitsa ndi chisanu. Poyamba umayandama. Ukamira, pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti wakonzeka.

Makina odulira, cryostat, amazizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro. Ndimadula tizidutswa ta ma micrometre 40, topyapyala kuposa tsitsi, n'kumatitola ndi kaburashi kopentera. Tikatha kupaka ma antibody, mapuloteni amene amamata pa c-Fos kuti iwale, ndimatiyala pa tigalasi tolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi mowa wa mu labu.

Kuwerenga maselo owala kumatenga masiku, ndipo mndandanda wa mnzanga umatsegulidwa pokhapokha nambala yomaliza italowa mu kompyuta. Nthawi zambiri ndithu timapeza kuti magulu awiriwo, la mbewa zolandira mankhwala ndi la zosalandira, sakusiyana. Zimenezonso ndimazilemba mokwanira, kuti wina asadzaitanitse mbewa zina pofunsa funso lomweli.