Zikomo kwa onse amene munatigwirira nyali m'mapanga a ku Castleton

Ntchito yojambula zithunzi za 3D m'mapanga ozungulira Castleton ku Derbyshire, m'dziko la England, yatha, ndipo zithunzizo taonetsa. Ife a kagulu kojambula tati tithokoze poyera, chifukwa oonera anayamikira ogwira kamera okha pamene thukuta lenileni anakhetsa ndi ena.

Tiyambe ndi inu achimwene ndi achemwali amene munkagwira mafulashi. Chithunzi cha 3D chimapangidwa ndi zithunzi ziwiri, china cha diso lamanzere china cha lamanja. Kamera ikakhala imodzi, umajambula choyamba, n'kuisuntha cham'mbali pa kachitsulo komangidwa pa tripod (choimikirapo kamera cha miyendo itatu), n'kujambulanso. Pakati pa kujambula kuwiriko kuwala sikuyenera kusintha ngakhale pang'ono. Wogwira fulashi akangopendeketsa dzanja, mthunzi wa mwala umagwera pena m'chithunzi chachiwiri, ndipo poonera malo amenewo amangothwanima, maso n'kuyamba kuwawa. N'chifukwa chake tinkakupemphani kuti mutsamize chigongono pa bondo, musasunthe phazi mpaka timve kamera italira kachiwiri.

Zoti muzigwira mpweya tikamajambula zija sizinali nthabwala ayi. M'mapanga amenewa mumazizira, madigiri sapitirira 10, ndipo chinyezi n'chochuluka, choncho mpweya wotuluka m'kamwa umasanduka nkhungu. Fulashi ikakhala pafupi ndi kamera imawalitsa timadontho ta nkhunguyo, n'kutuluka timadontho toyera pa chithunzi. Pa chithunzi wamba mwina n'kupirira, koma pa 3D diso lililonse limaona timadonthoto pamalo osiyana, ndiye chithunzi chaonongeka basi. Mankhwala ake ndi kuika fulashi mita imodzi kapena iwiri cham'mbali, aliyense n'kuima kumbuyo kwa kamera. Munachita zimenezi mutanyowa mpaka m'mawondo, osadandaula.

Amayi amene ankanyamula tepi yoyezera ndi kabuku, zikomo kwambiri. Mtunda wosunthira kamera timaupeza poyeza kuchokera pa kamera kufika pa chinthu chapafupi kwambiri, n'kugawa ndi 30. Mwala uli pa mamita 2, kamera isunthe masentimita pafupifupi 6.5, womwe ndi mtunda wa pakati pa maso a munthu. M'njira yopapatiza, khoma lili pa masentimita 60, masentimita 2 akwana. M'chipinda chachikulu momwe chapafupi chili pa mamita 15 mukhoza kufika theka la mita, koma ife sitikonda kufika pamenepo: phanga lalikulu limaoneka ngati kanyumba kadothi koumba ana, ulemerero wake wonse n'kutha. Popanda kabuku kaja sitikanadziwa chifukwa chake zithunzi zina zinakana.

Amene anatibwereka kamera yachiwiri yofanana ndi yathu anatipulumutsa pa mathithi ndi pa madzi odontha kudenga. Chilichonse choyenda chimafuna makamera awiri olira nthawi imodzi, onse otcheredwa pamanja mofanana: kukula kwa kabowo kolowera kuwala pa f/8 kapena f/11, ISO (mphamvu yomvera kuwala) imodzi, focus ndi white balance (kayezedwe ka mitundu) zokhoma. Ukasiya pa auto, m'mdima kamera iliyonse imaganiza zake.

Otitsogolera m'mapanga, ndi inu amene munkatsala kunja mutasunga nthawi yathu yotulukira kuti tikachedwa muitane thandizo, Mulungu akudalitseni. Munatiletsa kukhudza miyala yolendewera kudenga, poti mafuta a m'manja amaidetsa, ndiponso kulowa momwe mileme imagona nyengo yozizira. Ku Britain mileme ndi yotetezedwa ndi lamulo.

Achinyamata a pa kompyuta nawo anachezera usiku ndi StereoPhoto Maker, pulogalamu yokonzera zithunzi za 3D. Kusiyana kwa zithunzi ziwirizo cham'mbali ndiko kumabweretsa kuya kwa chithunzi, koma chimodzi chikakwera pang'ono kuposa chinzake, kapena chikapendekeka, mutu umapweteka pasanathe mphindi. Anawongola zonsezo chimodzichimodzi. Ndiwonso anatulukira kuti maovolosi ofiira ndi ovuta pa magalasi oonera 3D aja a mbali yofiira ndi yobiriwira mwabuluu, chifukwa diso lina limaona chovala chowala, linzake chakuda. Anachepetsa kufiira pa zithunzi zotere, koma ulendo wina amene adzaime kutsogolo kwa kamera adzavale zachikasu kapena zotuwa.

Agogo amene anatikumbutsa mbiri pa tsiku loonetsa, tathokoza. Mu 1865 Alfred Brothers wa ku Manchester anajambula m'phanga la Blue John komweko ku Castleton powotcha magnesium, chitsulo choyaka mowala kwambiri, ndipo mu 1866 Charles Waldack anajambula zithunzi za 3D m'phanga la Mammoth Cave ku Kentucky, ku America. Utsi wa magnesium unkadzaza phanga, moti ogwira nyali a nthawi imeneyo anavutika kuposa inu.

Amene munapita ndi magalasi kunyumba, chonde bwezani, ndi obwereka. Amene mukuonera zithunzizi pa foni ndi magalasi anuanu, mbali yofiira ikhale kudiso lamanzere. Mukaona phanga likutumphukira kwa inu m'malo molowa m'kati, ndiye kuti mwavala chotembenuza.