Zikomo nonse amene munadikira womalizira

Abale ndi anzanga, pepani ndachedwa kulemba. Masiku atatu apitawa ndakhala ndikuyenda ngati miyendoyi ndi yobwereka, ndipo masitepe ndimatsika chafutambuyo nditagwira khoma. Loweruka lapitali ndinathamanga makilomita 10 pa mpikisano wa m'tauni yathu yaing'onoyi, wosonkhetsa ndalama zothandizira gulu la anthu odzipereka amene amayendera odwala matenda okhalitsa m'makomo mwawo. Ndinamaliza mu ola limodzi ndi mphindi 24. Pa anthu onse amene anafika pa mzere womaliza, ine ndinali wotsiriza weniweni, kumbuyo kwangako kunali njinga yokha basi.

Ambiri a inu mukudziwa chimene chinandilowetsa mu zimenezi. Malemu mayi anga anadwala khansa nthawi yaitali, ndipo miyezi yomaliza tinkawasamalira kunyumba. Ife ana awo chikondi tinali nacho, koma sitinkadziwa kanthu. Anthu a gululi ndi amene anatiphunzitsa kuti wodwala wosatha kudzuka amafunika kumutembenuza pakadutsa maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, anationetsa kasinthidwe ka nsalu zapabedi munthu ali chigonere, komanso kuti mankhwala opha ululu amaperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala ayambe wabuula. Maliro atatha, anthu atabalalika, amayi awiri a gululo anabwerabe kudzakhala nane pakhonde. Sanalankhule zambiri. Kuyambira pamenepo ndakhala ndi ngongole imene sindinkadziwa kabwezedwe kake.

Patapita miyezi ingapo namwino anandiyeza BP n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Anati ndiyambe kuyenda ndawala, ndichepetse kukhala. Sabata yomweyo ndinaona chikalata cha mpikisanowu chitamatidwa pa khoma, ndipo ndinalembetsa dzina ndisanaganize bwino. Ndili ndi zaka 47. Kuthamanga ndinasiyira ku pulayimale.

Woyamba kumuthokoza ndi mwana wanga wamkazi, amene sanandiseke nditamuuza, ngakhale ndinaona kuti akudziletsa. Iye ndi amene anandipezera ndondomeko yozoloweretsa munthu kuthamanga makilomita 5 yotchedwa Couch to 5K, imene Josh Clark anakonza mu 1996 pofuna kuthandiza mayi ake kuyamba kuthamanga. Ndi ya masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba umathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90, kubwereza choncho kwa mphindi pafupifupi 20. Nditawerenga ndinati izi n'zachibwana. Tsiku loyambalo, pofika ulendo wachisanu wa masekondi 60 aja, ndinali wefuwefu nditagwira maondo m'mbali mwa msewu, mtima ukugunda m'makutu. Sabata yachinayi ndinaibwereza kawiri. Yachisanu ndi chimodzi ndinaibwereza katatu, chifukwa misongolo inayamba kuwawa moti kungoikhudza ndi chala ndinkalumpha. Alamu anga, amene ndi namwino, anandiuza mosabisa kuti ndikuwonjezera mtunda msanga kwambiri, kuti mtima ndi mapapo zimazolowera mwachangu kuposa mafupa ndi mitsempha, ndipo ndipume masiku angapo kenako ndizithamanga pa dothi m'malo mwa phula. Alamu, munandikwiyitsa tsiku limenelo, koma zikomo. Kuchoka pa makilomita 5 kufika pa 8 kunanditengera miyezi ina iwiri, ndipo 10 yathunthu sindinaithamangepo mpaka Loweruka lija.

Achemwali oyandikana nawo nyumba, inu amene munkagogoda pa windo langa 5 koloko m'mawa tochi ili kumanja, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Mpikisanowu simunalembetse n'komwe, munkangoti mukundiperekeza. Paja anyamata ena ankatifunsa kuti, "Amayi, mukuthawa chani?" inu n'kuwayankha kuti tikuthawa ukalamba. Masiku amene ndinkanamizira mutu, munkaima panjapo osachoka mpaka ndituluke.

Chimene chinandivuta kuposa kuthamangako ndi pepala la malonjezo. Aliyense wothamanga ankapatsidwa pepala loti anthu alembepo ndalama imene adzapereke pa kilomita iliyonse imene wamaliza. Ine kupempha sindikutha, ndipo pepalalo linakhala m'chikwama masabata atatu lili loyera. Mwana wanga uja ndi amene anandiuza za Terry Fox wa ku Canada, mnyamata amene anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa, ndipo mu 1980 anayamba kuthamanga ndi mwendo woikirira kuti adutse dziko lonselo posonkhetsa ndalama za kafukufuku wa matendawa. Anathamanga masiku 143, makilomita 5,373, mpaka khansa itafika m'mapapo n'kumuimitsa pafupi ndi Thunder Bay. Anamwalira chaka chotsatira. Mwanayo anangoti, "Amayi, iye uja ankapempha dziko lonse, inu mukuopa anthu a mu ofesi mwanu?" Mawa lake ndinalitulutsa pepalalo. Anzanga a kuntchito, a kutchalitchi, achimwene anga amene analemba ndalama yaikulu poganiza kuti ndikathera pa kilomita yachitatu, nonse munalemba. Ena munandinong'oneza kuti nanunso munasamalirapo wodwala kunyumba, nkhani zimene sindikanazidziwa chikhala kuti pepalalo linakhalabe m'chikwama.

Tsiku la mpikisano ndinalakwitsa zinthu ziwiri zimene aliyense anandichenjeza. Choyamba, ndinavala masokosi atsopano, ogula dzulo lake, chifukwa ndinkafuna kuoneka bwino. Othamanga amati tsiku la mpikisano usavale kapena kuyesa chilichonse chimene sunachiyesepo pokonzekera, ndipo tsopano zidendene zanga zikudziwa chifukwa chake. Chachiwiri, wenzulo italira ndinatengeka ndi gulu. Kilomita yoyamba ndinaidutsa m'mphindi 6, pamene miyezi yonseyi ndinkathamanga mphindi 8 pa kilomita. Ndinkamva kukoma, ndikudutsa anthu, ndikumwetulira ojambula. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pofika kilomita yachitatu onse ndinawadutsa aja anayamba kundidutsa mmodzimmodzi, ena akucheza nkhani zawo ngati ali pa ulendo wa kumsika. M'nthiti munayamba kubaya. Agogo ena a imvi mbuu anandipitirira n'kundiuza kuti, "Mwanangu, fupikitsa mapazi, upume ndi mimba." Agogo, sindinathe kukuyankhani chifukwa mpweya unali utandithera, koma ndinamva, ndipo zinathandiza.

Ndisanaiwale: mtsikana amene unandipatsa mapini awiri pa mzere woyambira nambala yanga ya pachifuwa itayamba kulendewera, mapini ako ndili nawo.

Tsopano ndifike pa anthu amene ndalembera uthengawu makamaka. Munthu wothamanga kutsogolo saona zimene ndinaona ine. Iye amapeza matebulo a madzi ali odzaza, oimirira m'mphambano ali ndi mphamvu zokuwa, apolisi atatseka msewu bwinobwino. Ukakhala kumapeto umaona mpikisano ukupasulidwa iwe ukadali m'kati mwake. Makapu ali mbwee pansi, zikwangwani ena ayamba kuzula, oyendetsa galimoto atopa kudikira ndipo akuliza mahutala. Pamenepo m'pamene umadziwa amene anabwera kudzaonerera liwiro ndi amene anabwera kudzasamala anthu.

Pa kilomita yachisanu ndi chimodzi pali chitunda chachitali chija. Ndinachiyamba mothamanga, pakati ndinayamba kuyenda, ndipo ndisanafike pamwamba ndinaima. Matuza anali ataphulika, katumba wakumanzere akukokana. Nditacheuka ndinaona bambo wina wachikulire pa njinga, atavala chovala chowala chija cha oyang'anira msewu. Ndinadziwa kuti ameneyu ndi wotseka mpikisano, amene ntchito yake ndi kutsatira munthu womalizira kuti pasatsale wina panjira. Manyazi anandigwira. Ndinati, "Bambo, pitani, ndikuchedwetsani. Ine ndikwera galimoto." Iwo anatsika pa njingayo n'kuyamba kuikankha pambali panga. Anati, "Mayi, ine ndinauzidwa kuti ndifike pambuyo pa munthu womaliza. Nthawi sanandipatse. Mukayenda ndiyenda, mukakhala pansi ndikhala." Kenako anandionetsa kawongoledwe ka katumba, chidendene pansi, zala zitatsamira mwala, n'kundiuza kuti ndisaganize za makilomita anayi otsalawo, ndizingothamanga kuchoka pa mtengo wa magetsi uwu kufika pa wachitatu, kenako kuyenda umodzi. Anayamba kuwerenga mokweza. Makilomita onse otsalawo tinayenda choncho, iwo akuwerenga mitengo, ine ndikulira pang'ono ndi kuseka pang'ono. Sanandifunse chifukwa chimene ndinkathamangira, koma pena pake ndinangoyamba kuwauza za mayi anga, ndipo iwo anangoti, "Pepani," n'kupitiriza kuwerenga.

Pa tebulo la madzi lomaliza ndinapeza anthu atanyamula kale zonse, tebulo litapindidwa. Koma kamnyamata kena ka sukulu kanali chiimire m'mbali mwa msewu ndi makapu awiri m'manja. Kanati, "Amayi, ndinakusungirani, anati kukubwera wina." Imodzi ndinamwa pang'onopang'ono, inayo ndinadzithira kumutu. Makolo a mwana ameneyu, kaya ndinu ndani, mwalera.

Apolisi awiri a pa mphambano yaikulu, ndinamva mmene oyendetsa galimoto ankakukalipirani chifukwa cha mayi mmodzi wobwera motsimphina, ndipo simunatsegule msewu mpaka nditadutsa. A chithandizo choyamba, amene munandiyang'ana m'maso n'kundifunsa dzina ndi tsiku kuti mutsimikize kuti mutu ukugwira, kenako n'kundilola kupitiriza, zikomo posandikakamiza kukwera ambulasi, komanso zikomo pomanga zidendene zanga pambuyo pake osanyansidwa. Olemba nthawi, amene munakhala padzuwa wotchi ili m'manja pamene opambana anali atalandira kale mphoto zawo, mwina atasamba n'kusamba komwe, munalemba nthawi yanga mosamala ngati mmene munalembera ya woyamba. Ndinaona.

Nditakhota ngodya yomaliza ndinkayembekezera kupeza bwalo lopanda anthu. M'malo mwake othamanga ena amene anamaliza kalekale anabwerera kudzandichingamira, mamendulo ali m'khosi, n'kuthamanga nane mamita 200 omalizawo. Agogo a imvi aja analipo. Amayi awiri amene ankayendera mayi anga aja anali pa mzere penipeni, ndipo mmodzi ndi amene anandiveka mendulo. Zimene zinachitika pamenepo sindilemba, amene munalipo munaona nokha mmene mayi wamkulu amalirira.

Pali bambo winanso amene ndiyenera kumupepesa ndi kumuthokoza nthawi imodzi, amene anayeza njirayi. Nditapuma ndinapita kukadandaula kuti foni yanga yaonetsa makilomita 10.2, ndiye kuti anatibera. Anandifotokozera modekha kuti njira ya mpikisano imayezedwa potsata mzere waufupi kwambiri umene munthu angadutse, kudula ngodya iliyonse, pamene ine ndinkazungulira m'mbali ndi kupita uku ndi uku kufuna mthunzi. Anatinso m'mipikisano yovomerezeka sayeza ndi foni kapena galimoto, koma ndi njinga yomangiriridwa kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu lakutsogolo, kotchedwa Jones counter, ndipo amawonjezera dala mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njira isapezeke yoperewera. Choncho mamita 200 owonjezerawo ambiri ndinadzipatsa ndekha. Pepani bambo, kunali kutopa.

Mwana wa achimwene anga, amene amakonda masamu pa zinthu zosafunika, wawerengera kuti pa liwiro limene Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, anathamanga ku Vienna mu 2019, pamene anamaliza makilomita 42.195 mu 1:59:40, nthawi imene ine ndinkafika pa mzere iye akanakhala atatsala pang'ono kukwanitsa makilomita 30. Ndamuuza kuti Kipchoge sanavale masokosi atsopano.

Kwa akomiti okonza mpikisanowu, ndili ndi pempho limodzi lokha, ndipo ndikulinena mwaulemu chifukwa ndikudziwa kuti nonse mumagwira ntchitoyi popanda malipiro. Chaka chamawa zikwangwani zolozera njira zisazulidwe wa njinga asanadutse. Pa mphambano ina ndikanasochera ndikanakhala ndekha. Ndipo ngati mukusowa munthu woimirira pa tebulo la madzi lomaliza pa mpikisano wa ana umene munalengeza uja, lembani dzina langa.

Inu nonse a pa pepala lija, makilomita ndi 10, onse athunthu, olemba nthawi ndi mboni. Ndiyamba kuzungulira Lolemba, ndipo ndalama zonse ndikapereka kwa msungichuma wa gululi ndi kukuonetsani lisiti. Achimwene, inu ndiyambira kwanu.

Bambo a njinga aja sindinawafunse dzina. Nditavekedwa mendulo n'kucheuka, ndinawaona akubwerera njira yomweyo kukatola makapu ndi zikwangwani zotsala. Amene mukuwadziwa, chonde auzeni kuti mayi wa chitunda uja akuwafuna, ndipo kuti mitengo ya magetsi ija ndinapita kukaiwerenganso dzulo pa galimoto. Pa chitunda paja anandinamiza, ankadumpha ina powerenga kuti ndithamange motalikirapo.