Loweruka la World of Warcraft pa Kamuzu Road

Salima yawotcha lero. Pofika pa shopu m'mawa malaya anali atamatirira kale kumsana, ndipo ntchito inali yomwe ija ya Loweruka: mafotokope a ziphaso, makalata ofunsira ntchito, ndi foni ya mayi wina wa geni ya nsomba ku Senga Bay yomwe inagwera m'beseni. Foniyo ndaitsegula, ikuuma pa shelefu.

Dzuwa litakwera pang'ono anatulukira mwana wa achemwali, uja walemba MSCE chaka chino, mlongo wake wa Fomu 2 ali pambuyo. Achimwene athu a ku Johannesburg amulonjeza mphatso ya mayeso, ndipo iye, m'malo mwa nsapato kapena foni, wasankha World of Warcraft, gemu yomwe amandipeza ndikusewera ndikatseka shopu.

"Amalume, tandiuzeni dzina la expansion yatsopano ija, akufuna agule lero lomwe. Komanso class yamphamvu kwambiri ndi iti?"

Ndinamulozera benchi. Mafunso awiri amenewa ndi omwe amamaliza ndalama za anthu ongoyamba kumene magemu a pa intaneti amtunduwu, ndipo ndalama za ku Joni sizitoledwa pansi.

Ndinayamba ndi la expansion. Gemuyi inatulutsidwa ndi kampani ya Blizzard mu 2004. Umapanga munthu wako, n'kumusankhira class, kutanthauza mtundu wa luso lomwe azimenyera, n'kumamuyendetsa m'dziko lotchedwa Azeroth, kugwira ntchito zomwe watumidwa, kumenyana ndi adani, levulo yake n'kumakwera. Poyamba levulo yomaliza inali 60. Osewera akafika pamenepo n'kumaliza zonse, eniake amatulutsa expansion: madera atsopano, nkhani yopitiriza, adani atsopano, ndipo levulo yomaliza imasunthidwa. The Burning Crusade ya 2007 inaifikitsa pa 70, Wrath of the Lich King ya 2008 pa 80, ndipo zinapitirira choncho pafupifupi zaka ziwiri zilizonse mpaka Battle for Azeroth ya 2018 inafika pa 120. Apa eniake anaona okha kuti ulendowu watalika, munthu watsopano angathawe asanafike pakati. Pobwera Shadowlands mu 2020 anafinya manambala onse, yomaliza n'kubwerera pa 60. Dragonflight ya 2022 inakwezanso kufika 70, The War Within ya 2024 kufika 80.

"Ndiye The War Within yo," anatero, chala chili kale pa WhatsApp.

"Dikira kaye. Iwe uli pa levulo yanji?"

"Sindinayambe."

"Imeneyo imayambira pa 70."

Anthu ambiri apa ndi pomwe amasokonezeka. Amaganiza kuti expansion ndi gemu yatsopano yolowa m'malo mwa yakale, monga amachitira magemu a mpira otuluka chaka ndi chaka. Ayi ndithu. Expansion imamangidwa pamwamba pa zomwe zilipo kale, ndipo zabwino zake zambiri amazipangira anthu omwe anafika kumapeto. Kuigulira munthu wa levulo 1 kuli ngati kugulira mwana wa Sitandade 1 mabuku a Fomu 4: ndi ake ndithu, koma angokhala m'katoni kudyedwa ndi chiswe.

Malipiro ake ali patatu. Kuyambira levulo 1 mpaka 20 ndi ulere, sufunika ngakhale khadi la ku banki. Amangokutsekera zina, monga msika wa osewera komanso kusinthana katundu ndi anzako. Ukafuna kupitirira 20 umalipira mwezi ndi mwezi, ku America ndi pafupifupi madola 15, ndipo ndalama imeneyi imakutsegulira ma expansion onse akale pakamodzi, mpaka levulo yomwe expansion yatsopano imayambira. Palibe chifukwa chofunafuna Legion kapena Mists of Pandaria kuti ugule payokha. Yogula padera ndi yatsopano yokha, ndipo The War Within inatuluka pa mtengo wa madola pafupifupi 50.

"Nanga ndikaigula, za pamwezi zija zimatha?"

"Sizitha. Umalipirabe."

Anakhala kaye duu. Mlongo wake, yemwe sanalankhulepo chifikireni, anatenga kakyuleta yanga n'kuyamba kudina. Chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu ukamva mawu oti dola umayamba wapuma kaye. Ku banki ili pa K1,700 ndi kanthu, koma kuipeza kwake ndi nkhani ina. Mtsikanayo anangotembenuzira mchimwene wake kakyuletayo osanena kanthu.

Mnyamatayu sagonja msanga, watengera mayi ake. Anali atawerenga kuti ukagula expansion amakupatsanso mwayi wodumphitsa munthu wako kufika pa levulo yomwe expansion imeneyo imayambira nthawi imodzi. Zimenezo ndi zoona, ndipo kwa ine ndi msampha woipa kwambiri kwa munthu watsopano. Ukamakwera levulo pang'onopang'ono, gemu imakupatsa luso limodzi, ulizolowere, kenako lina. Ukadumpha, zonse zimakugwera tsiku limodzi. Ndinamutsegulira munthu wanga wa class ya Paladin kuti aone: mizere ya mabatani pansi pa sikirini, lililonse ndi ntchito yake ndi nthawi yake yodikira lisanagwirenso. Ndinamufunsa kuti adani atatu atamuthamangira pano angadine liti. Anayang'ana, n'kuseka.

Chodetsa nkhawa chenicheni kwa ife a kuno si expansion koma kukula kwa gemuyo. Eniake amanena kuti kompyuta ikhale ndi malo okwana 128 GB. Kuitsitsa yonse ndi bandulo ya pa foni n'kudzilanga. Mwayi wake, fayilo zake zimakopeka. Ndinalumikiza hard drive yanga ku kompyuta ya pa shopu, n'kukopera chikwatu chonse, kenako n'kuuza pulogalamu ya Battle.net, yotsegulira magemu a Blizzard, pomwe gemu ili kuti ingotsitsa zotsalira.

Kukopera kutangotha, magetsi anathima. Tinakhoma shopu n'kukadya nsima ya utaka kuseri kwa msika, ndipo nkhani ya ma class tinaikambira komweko, ine ndikujambula kumbuyo kwa fotokope yowonongeka.

Ndinajambula timizere tisanu tozungulira. M'gemuyi muli ma dungeon, malo otsekeka odzaza adani omwe mumalowamo anthu asanu. Mmodzi ndi tank. Iyeyu amatsogola, amaputa adani dala kuti onse amenye iyeyo, chifukwa ndiye wovala zolimba. Wina ndi healer, maso ake sakhala pa adani koma pa timizere tobiriwira tosonyeza moyo wa anzake, kuona yemwe akutsika kuti amuchize. Atatu otsalawo ndi a DPS, ntchito yawo n'kugwetsa mdani mofulumira healer mphamvu zisanamuthere. Tank akagwa, adani amathamangira healer. Healer akagwa, nonse mwapita. Class ndiyo imanena kuti mwa ntchito zitatuzi ungagwire ziti.

Mage, Rogue, Hunter ndi Warlock ndi omenya okhaokha, sachiza gulu ndipo satsogola. Warrior amamenya kapena kukhala tank. Priest ali ndi njira ziwiri zochizira ndi imodzi yomenyera. Paladin, Monk ndi Druid amatha zonse zitatu, ndipo Druid yekha ndiye ali ndi njira zinayi: amasanduka chimbalangondo akafuna kutsogola, mphaka wolusa akafuna kumenya pafupi, amalodza ali patali, amachizanso. Njira zimenezi amazitcha ma spec, ndipo kusintha spec ndi ulere, bola usakhale pakati pa nkhondo. Chomwe sichisinthika ndi class yeniyeniyo. Ukapanga Mage ndi Mage mpaka kalekale, ukafuna Druid upange munthu wina ayambirenso pansi. Si magemu onse ali choncho: mu Final Fantasy XIV ya Square Enix munthu mmodzi yemweyo amatha kuphunzira ntchito zonse, amangosintha chida cha m'manja. Koma tisasocherere kumeneko.

Mtsikana uja anafunsa funso labwino kuposa onse a tsikuli. "Nanga amalume, ma expansion aja amakhudzana bwanji ndi ma class?"

Amakhudzana pawiri. Choyamba, ena amabweretsa class yatsopano. Mu 2004 analipo 9. Death Knight anabwera ndi Wrath of the Lich King mu 2008, Monk ndi Mists of Pandaria mu 2012, Demon Hunter ndi Legion mu 2016, Evoker ndi Dragonflight mu 2022, onse pamodzi 13. Chachiwiri, expansion iliyonse, ngakhale timasinthidwe ta pakati pa chaka, amakonzanso ma class akale: uyu amuchepetsa mphamvu, uyo amuwonjezera, wina amuchotsera batani lomwe anthu analizolowera. N'chifukwa chake funso loti yamphamvu ndi iti lilibe yankho lokhalitsa. Mindandanda yomwe mnyamatayu amaona pa YouTube ndi ya anthu a levulo yomaliza, ovala zida zapamwamba, osewera pa intaneti yosadukaduka. Pomwe iye azidzafika kumeneko, wapamwamba wa lero adzakhala atatsika kale.

Ine ndimayang'ana zina. Kodi umakonda kukhala pamphuno pa mdani kapena patali? Ukalakwitsa gulu lonse n'kufa, ungapirire mawu a anthu osawadziwa? Ma tank ndi ma healer ndi ochepa, choncho gemu imawapezera gulu msanga pomwe a DPS amadikira, koma cholakwa chawo chimaonekera kwa aliyense. Ndipo pali nkhani ya netiweki. Gemuyi ilibe ma seva mu Africa muno, ife timasewerera a ku Ulaya, choncho ukadina batani pamapita kanthawi kuti lamulo lako lifike. Class yofuna kuti uime kumbuyo kwenikweni kwa mdani, kapena yodalira kudina pa kamphindi koyenera, imavutika ndi kuchedwa kumeneku. N'chifukwa chake watsopano wa kuno ndimamulangiza Hunter wa spec ya Beast Mastery: ali ndi chinyama chomwe chimapita kutsogolo kukalimbana ndi mdani, iye amalasa ali patali, ndipo amatha kulasa akuyenda. Netiweki ikajejema pang'ono, chinyamacho chimakhala chikumenyabe.

"Hunter ndi ya anthu aulesi," anatero mnyamatayo, akunyambita zala. Sindikudziwa kuti anazimva kuti.

Magetsi anayaka madzulo, mithunzi itayamba kutalika. Aliyense ndinamutsegulira akaunti yaulere, mnyamata pa kompyuta ya pa shopu, mtsikana pa laputopu yanga. Posankha mtundu wa munthu anataya nthawi yambiri pa tsitsi ndi makutu, ine n'kumasindikiza timapepala ta ukwati ta kasitomala wina. Mnyamata anatuluka ndi Night Elf wa class ya Rogue, mipeni iwiri m'manja. Mtsikana anasankha Troll wa class ya Priest, ati chifukwa cha minyanga.

Onse anayambira pa Exile's Reach, chilumba chomwe anachiwonjezera mu 2020 kuti chiziphunzitsa atsopano kuyambira levulo 1 mpaka 10. Mumayamba muli m'sitima ya pamadzi, namondwe n'kuiswa, n'kudzukira pa gombe pomwe pali timurloc, tizilombo tokhala ngati nsomba za miyendo, tolira mokhadzula kukhosi. Mnyamata anathamangira pakati pa gulu lawo. Tiwiri tinamuzungulira, kachitatu kanabwera cha kumbali, iye n'kumadina batani limodzi lomwelo mwaphuma mphamvu zomenyera zitamuthera, mzere wa moyo ukutsika. Anapulumuka ndi kadontho. Mlongo wake anali kuwerenga chilichonse chotuluka pa sikirini, milomo ikuyenda. Ankaima patali, kuponya mphezi yake yoyera kamodzi, kawiri, kamurloc kakafika pafupi kali kale kofooka. Pofika nthawi yotseka anali atamusiya mchimwene wake ndi levulo ziwiri, ndipo sanaleke kumukumbutsa.

Ndinawauza kuti sabata ikubwerayi aliyense ayese ma class atatu kapena anayi mpaka atuluke pa chilumbacho, popeza n'zaulere ndipo chilumbacho chimatha madzulo amodzi kapena awiri. Kumapeto kwake kuli ka dungeon kakang'ono, Darkmaul Citadel, komwe munthu amalawa koyamba zosewera pagulu. Akakula pang'ono kulinso ma dungeon omwe gemu imakupatsa anzako a kompyuta, anawayambitsa mu 2024, abwino kuphunzirirapo u-tank kapena u-healer popanda wokukalipira. Yemwe afike pa 20 akufunabe kupitirira, ameneyo ndiye tikambirane za mwezi umodzi.

Vuto lomwe latsala ndi la mbali. Night Elf ndi wa Alliance, Troll ndi wa Horde, ndipo mbali ziwirizi ndi adani m'gemuyi. Kuyambira 2022 anthu a mbali zosiyana amatha kupanga gulu n'kulowa limodzi m'ma dungeon, koma mizinda yawo ndi yosiyana ndipo alonda a mzinda wa mnzako amakupha ukangoyandikira chipata. Akaunti yaulere siyingaitanenso munthu m'gulu, imangoitanidwa, choncho woitana ndikhala ine, ndipo anthu anga onse ndi a Horde. Ndamuuza mnyamatayo kuti mawa tikaweruka ku tchalitchi apange wina wa Horde, kaya Orc kaya Blood Elf. Wakana, ati ma Orc ndi onyansa ndipo ine ndi mlongo wake ndife tisamuke. Akwera kabaza akukanganabe.