Pa Gran Paradiso ndimaopa dzuwa kuposa kuzizira

Anzanga akamva kuti ndimakwera mapiri a chipale chofewa pa ski, timatabwa titalititali tomangirira kumapazi totsetserekera pa chipale, amayamba ndi kufunsa za kuzizira. Kuzizira kuli ndi mankhwala ake, umangowonjezera zovala. Pa Gran Paradiso, phiri la ku Italy lotalika mamita 4,061, chimene chimandisowetsa tulo mu Epulo ndi Meyi ndi dzuwa.

Usiku kukakhala kopanda mitambo, chipale cha pamwamba chimauma gwa! Dzuwa likakwera, madzi amalowerera pansi, chipalecho chimalemera, ndipo malo amene mamawa anali olimba amatha kugumuka masana. N'chifukwa chake ku Rifugio Chabod, nyumba yogona okwera phiri yomwe ili pa mamita pafupifupi 2,750, anthu amadzuka kusanache, kumwa tiyi chiimirire, n'kunyamuka ndi tochi pamphumi. Kunsi kwa ski timamata zikopa zaubweya kuti tisaterereke chobwerera pokwera.

Ukafika pa Laveciau, pomwe pali ayezi wakalekale amene amatsetsereka pang'onopang'ono, mavuto amakhala awiri ndipo sagwirizana. Ayeziyu ali ndi ming'alu yakuya imene chipale chimaiphimba, moti umatha kudutsa pamwamba pa dzenje osadziwa. Pamenepa timamangana chingwe m'chiuno, wina akagwera anzake amugwire. Koma pamalo otsetsereka kwambiri chingwe chomwecho n'choopsa, poti chipale chikakokolola mmodzi, onse apita. Apa pamafunika kudutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pabwino. Wotitsogolera wina ankangoima, kuyang'ana m'mwamba, kuyang'ana pansi, kenako n'kunena kuti, "Masulani." Ine ndimaona kuti luso lenileni lagona pa kudziwa nthawi yomasulayo, osati pa kutsetsereka mokongola.

Madzulo aliwonse timawerenga chenjezo la chigumukire cha chipale la tsiku lotsatira. Kuyambira mu 1993, maiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito mlingo umodzi, kuchokera pa 1 mpaka 5. Pa 4 ndi 5 anthu ambiri amakhala m'nyumba okha popanda wowauza. Wonyenga ndi 3. Amaoneka wapakatikati, kunja kumakhala kowala, komatu pafupifupi theka la anthu amene amafa ndi chigumukire cha chipale amafa chenjezo lili pomwepo. Ndipo nthawi zambiri chipalecho amachigumula ndi wokwiririkayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo, pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi okoma kutsetserekapo.

Mphepo nayo ili ndi chinyengo chake. Imanyamula chipale mbali ina ya phiri n'kukachiunjika kuseri, chosalala bwino koma chosagwirana ndi chapansi. Ukamva pansi pa mapazi pakulira "hufu", kapena ukaona mng'alu ukuthamanga kuchokera kumphuno kwa ski, sipafunikanso msonkhano.

Aliyense amavala transceiver pachifuwa, kachipangizo kotumiza uthenga wothandiza kupeza munthu wokwiririka m'chipale, ndipo m'chikwama mumakhala fosholo ndi ndodo yaitali yopinda yofufuzira munthu. Sindinyamuka popanda zimenezi, koma sindizidalira monga ena amachitira. Kafukufuku wa ku Switzerland anasonyeza kuti mwa anthu 10 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, pafupifupi 9 amapulumuka, koma pakadutsa mphindi 35 amatsala ngati atatu okha. Helikopita kawirikawiri imafika nthawi imeneyi itapita. Okufukula ndi anzako omwe unagona nawo chipinda chimodzi, ndipo chipale chogumuka chikaima chimalimba ngati konkire. Pophunzira kukumba, manja anga amalema pasanapite nthawi, ngakhale tikusinthana.

Choncho ola lobwerera timagwirizana dzulo lake, tili pa tebulo, mitu ikugwira. Pamwamba munthu saganiza bwino: mpweya wachepa, nsonga ikuoneka pafupi. Pa Gran Paradiso nthawi imathera kwenikweni kumapeto, pomwe timasiya ski n'kuyenda pamiyala yopapatiza kupita pa chifanizo cha Madonna (Maria, mayi wa Yesu) chomwe chili pansonga. Pamakhala mzere, aliyense akufuna chithunzi, ndipo ola limatha utangoima. Njirayi ili mbali ya kumadzulo, dzuwa limachedwa kufikako, ndiye ambiri amaganiza kuti nthawi idakalipo.

Amaiwala kuti kutsika kumathera m'munsi, m'chigwa cha Valsavarenche, komwe kumatentha msanga. Potsika ndimavula ski imodzi n'kuponda ndi nsapato. Phazi likamira kupitirira akakolo m'chipale chonyowa, ndimadziwa kuti tachedwa, ndipo malo otsetsereka otsala timawadutsa motalikirana, osaima pansi pake ngakhale kuti timwe madzi.