Kuphunzitsa Chidole Chachikulu Kupuma

Kwa masabata atatu tsopano takhala tikuyeserera pabwalo madzulo aliwonse, ndipo mapewa anga ndi amene angachitire umboni kulemera kwa ntchitoyi. Ndine mmodzi mwa anthu atatu oyendetsa chidole chachitali kuposa anthu awiri atasanjikizana, chimene chidzaoneke m'sewero la opera, sewero limene mawu onse amachita kuimbidwa. Mnzathu wamkulu amagwira mutu ndi dzanja lamanja, ine ndimagwira lamanzere, ndipo wachitatu amayendetsa miyendo. Kagawidwe kameneka tinatengera kwa akatswiri a Bunraku a ku Japan, ngakhale kuti zidole zawo ndi zazing'ono poyerekeza ndi chathu.

Chimene chinandikokera ku ntchitoyi ndi zimene ndinaona ku Bregenz, m'dziko la Austria, m'chaka cha 2019. Mumzindawu mumachitika chikondwerero cha nyimbo chimene chinayamba mu 1946, ndipo nsanja yake inamangidwa pamadzi penipeni a nyanja ya Constance, moyang'anizana ndi mipando ya anthu pafupifupi 7,000. Chaka chimenecho ankaonetsa Rigoletto, opera ya Giuseppe Verdi, motsogozedwa ndi Philipp Stölzl. Pakati pa nsanjayo panali chimutu cha munthu wanthabwala, chotalika pafupifupi mamita 14 komanso cholemera matani 35, chokhala ndi chidzanja chimene zala zake zinkapindika. Chinkatembenuka, kuphethira ndi kuyasama. Pamene nkhani inkaipiraipira, maso anachotsedwa, mphuno ndi mano ena n'kuchokanso, mpaka nkhope yoseketsa ija inasanduka chigaza. Sindinachite chidwi kwenikweni ndi kukula kwake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chimutucho chinkaoneka ngati chikumvetsera woimbayo.

Panopa ndazindikira kuti kumvetsera koteroko kumachokera m'kuyeserera kosatopa. Chinthu cholemera sichinyamuka nthawi yomweyo, ndiponso sichiima pamene mwafunira. Ngati mukufuna kuti dzanja lifike pachifuwa pamene woimba akukweza mawu, muyenera kuyamba kulinyamula iye asanakoke n'komwe mpweya. Motero aliyense wa ife analoweza nyimbo yonse pamtima, ngakhale kuti palibe amene adzaimbe. Ku Bregenz vutoli ndi lalikulu koposa, chifukwa oimba zida a Wiener Symphoniker amakhala m'nyumba ina pamtunda, nyimbo zawo n'kumafika kwa oonerera kudzera m'masipika, ndipo oimba a pansanja amaona wotsogolera nyimbo pa kanema chabe. Kumeneko chidole chinkayenda ndi makina, pamene chathu chimadalira ndodo ndi misana yathu, koma funso limakhala limodzimodzi, lakuti kodi kusunthaku kuyambe pa mawu ati.

Sabata yoyamba yonse sitinachite china koma kupumitsa chidolecho. Amene amatiphunzitsa anatiletsa kuyenda, nati tizingokweza chifuwa chake pang'ono ndi kuchitsitsa, tonse atatu tikupumira pamodzi mokweza kuti tizimvana popanda kulankhula. Poyamba ndinkaona ngati tikutaya nthawi, koma nditapatsidwa mpata woima kutali, pamene padzakhale mipando yakumbuyo, ndinaona ndekha kuti chidole chikasiya kupuma chimasanduka nsungwi ndi nsalu basi. Ndinaonanso kuti tikachulutsa zochita, diso la woonerera limasowa pogwira. Kuweramitsa mutu kamodzi, mwapang'onopang'ono, kumanena zambiri kuposa kugwedeza manja kakhumi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti chidole chopikisana ndi woimba chimaononga sewero ngakhale chitakongola chotani.

Za mphepo ndiye zina. M'chipinda mmene tinayambira zonse zinkatheka, koma titatuluka panja nsalu ya chidolecho inayamba kukoka mphepo ngati thanga la bwato. Tsiku lina chinapendekera kumbali kwanga mwadzidzidzi, ndipo ndinagwada pansi ndodo ili m'manja, mtima uli m'mwamba, chifukwa woimba wathu anali ataima chapafupi kwambiri. Palibe anavulala. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana mawu amodzi amene aliyense angafuule kuti tonse tiime, ndipo gawo lililonse timaliyeserera kawiri, mmene lidzakhalire kukakhala bata ndi mmene lidzakhalire kukakhala mphepo, manja ali chapafupi ndi thupi. Mame a usiku nawonso amalemeretsa nsalu, ndipo magetsi akayaka wogwira miyendo saonanso pansi bwinobwino, moti tinaika zizindikiro zoyera paudzu.

Dzulo tinayeserera koyamba mdima utagwa, oimba onse alipo. Pa gawo limene mtsikana amalira, tinatsitsa mutu wa chidolecho mpaka kufika pafupi ndi phewa lake, ndipo iye, mosauzidwa ndi wina aliyense, anatambasula dzanja n'kuchigwira patsaya. Mawa tibwereza gawo lomwelo, chifukwa dzanja langa linachedwa pang'ono kufika pamsana pake.