Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: silinda yachitatu

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe tinasonkherana anthu atatu n'kugula kandege kathu, Cessna 172 ya m'zaka za m'ma 1970. Ena mwakhala mukundifunsa kuti bwanji sindikasunga konkuno ku Zomba popeza bwalo la ndege lilipo. Bwalo limene lija ndi la asilikali a Air Wing, munthu wamba sungangofika n'kuimikapo katundu wako. Choncho ndegeyo imagona ku Chileka, ine ndimagona ku Matawale, ndipo pakati pathu pali Thondwe, Namadzi, Njuli ndi mpanipani wa magalimoto wa mu Limbe. Ulendo wa pa msewu wokaiona umandidyera nthawi yochuluka kuposa imene iyo imatenga kuchoka ku Chileka kufika pamwamba pa denga langa.

Mbiri yoti ndagula ndege inafika kumudzi ine ndisanafike. Amalume anandiitana pambali n'kundiuza kuti, "Iwe mwana wa mlongo wanga, chaka chino chimanga changa cha ku Jali usachisiye m'manja mwa a malole." Ndinawafotokozera kuti kuseri kwa mipando kumaloledwa makilogalamu 54 okha, kutanthauza thumba limodzi la chimanga basi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mwagula chiyani?" Funso limenelo ndinalibe nalo yankho, ndipo miyezi imene ndikufuna kukamba leroyi inali yoti nanenso ndizidzifunsa chomwecho.

Ndege si galimoto yoti ukamva kaphokoso m'pamene umaithamangitsira kwa makaniko. Ili ndi nthawi zake zoikika zoipimira, kaya ikudwala kaya ili bwino, ndipo amene amaipima ndi injiniya wa layisensi, yemwe akasaina m'buku la ndegeyo dzina lake limakhala pachikole. Wathu ndi bambo wachikulire amene tonse timangomutchula kuti Madala. Salankhula zambiri. Akakhala pa ntchito safuna munthu woima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, amakupatsa chogwira.

Mu Okutobala 2023, dzuwa likuswa mtengo, anandipatsa pulopela kuti ndigwire. Ankayeza mphamvu ya masilinda. Injini yathu ndi Lycoming O-320, ya masilinda anayi, ndipo kayezedwe kake n'kotere: injini ikadali yotentha amachotsa pulagi imodzi pa silinda iliyonse, n'kulumikizapo chipangizo cha mageji awiri. Amapopera mpweya m'kati mpaka geji yoyamba itafika pa 80, geji yachiwiri n'kuonetsa umene silindayo yakwanitsa kusunga. Wogwira pulopela agwiritsedi, chifukwa mpweya umenewo ukakankha pisitoni, tsamba la pulopela likhoza kukuthyola mkono. Yoyamba inaonetsa 74. Yachiwiri 72. Pofika pa yachitatu singano inangokwera pang'ono n'kuima pa 48.

Madala sananene kanthu. Anatsegula potsirira oyilo n'kutchera khutu. Zii. Anapita pomwe injini imakokera mpweya. Zii. Kenako anagwada pansi n'kuika khutu pa ekizozi, n'kundikodola ndi chala kuti wina andigwirire pulopela, ndibwere ndidzamve ndekha. Kunkamveka fwiii, ngati tayala la njinga lobooledwa ndi minga.

"Mwamva, bwana? Ukamatulukira ku oyilo ndi maring'i a pisitoni. Ukamatulukira kuno ndi valavu. Yapsa."

Ndinafunsa ngati sitingaiulutsebe pang'ono podikira zipangizo, popeza dzulo lake lomwe inali ikuuluka bwinobwino. Anapukuta manja pa kansanza n'kundiuza kuti cholembera chake chatha inki. Ndinamva.

Apa m'pamene munthu umadziwira kuti ndege yaing'ono imauluka ndi madola. Palibe chitsulo chake n'chimodzi chomwe chimene ungachipeze pa msika wa ku Ndirande, ngakhale amisiri akumeneko atakulonjeza kuti akusulira chofanana nacho. Chilichonse chimachokera ku America kapena ku South Africa, ndipo chimafika ndi chikalata chake chosonyeza amene anachipanga ndi amene anachiyendera. Popanda pepala limenelo chitsulocho n'chongotsekera chitseko. Tinalandira mtengo wa silinda yatsopano, tinagawana patatu, aliyense n'kupita kukasakasaka gawo lake. Tili mkati mosakasakamo, mu Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Ndalama imene tinali titasonkha inangosanduka magawo awiri mwa atatu ndi kanthu kochepa a mphamvu imene inali nayo, tisanawerengere zoyendera ndi msonkho.

Ndipo kukhala ndi makwacha sikunali kukhala ndi madola. Ndinalemba kalata ku banki, n'kuphatikizapo mapepala onse, n'kulowa pa mzere womwewo umene panali oitanitsa mankhwala ndi feteleza. Kunena zoona, ndikanakhala ine wogawa ndalamazo, nanenso ndikanamuika kumapeto munthu wofuna silinda ya ndege yokwera yekha. Mnzanga wina mwa atatufe, amene amachita bizinesi ku Blantyre, anayamba kulankhula zogulitsa gawo lake. Winayo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iye ndi amene ankachedwa kupereka ya lendi ya shedi mwezi ndi mwezi.

Chimene sindinkachidziwa n'choti ndege yoima imadya ndalama ndi mtima kuposa youluka. Injini za Lycoming zili ndi camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, pamwamba, ndiye zikakhala osalira, oyilo yense amatsikira pansi, chitsulo chija n'kutsala pambalambanda. Onjezanipo chinyezi cha dzinja lathu, dzimbiri silichedwa. Madala anakhetsa oyilo wakale n'kuthiramo wina wotetezera, m'malo mwa mapulagi a pamwamba anaikamo ena a galasi okhala ndi timiyala toyamwa chinyezi. Timiyalato timakhala tabuluu, tikakhuta madzi timasanduka tofiirira, ndiye ntchito yanga Loweruka lililonse limene ndapezeka ku Chileka inali yosuzumira mtundu wa timiyala. Anandiletsanso kuzunguza pulopela ndi manja. Ine ndinkaganiza kuti ndikuithandiza kuti isaume, koma akuti kutero kumangopukuta oyilo amene wamatirira m'makoma a silinda.

Ndiye pali alendo. Mbalame zinamanga chisa pamwamba pa injini. Makoswe anayesa mpando wakumbuyo. Oopsa kwambiri ndi mavu aja omanga ndi dothi, chifukwa amakonda timabowo ting'onoting'ono. Pansi pa phiko lakumanzere pali kachitsulo kobooka kotchedwa pitot, kamene kamalandira mphepo n'kuuza geji liwiro la ndege. Tsiku lina Madala anakaunikira ndi tochi n'kundionetsa dothi louma gwa m'kati mwake, lomatidwa bwino ndithu. Kachivundikiro kake kanali katagwa ndi mphepo. Ukanyamuka ndi kabowo kotsekeka, singano ya liwiro imakunamiza pa nthawi imene ukuidalira kwambiri.

Dzinja lonse linadutsa chomwecho. Ine ndinkakhala pakhonde ku Matawale n'kumamva ndege za asilikali zikuzungulira, khosi lili m'mwamba monga ndinkachitira ndili mwana.

Silinda inafika kumayambiriro kwa nyengo yozizira, m'kabokosi koti mwana wa sukulu akhoza kukanyamula. Madala anali asanamalize kuimanga pamene dziko linagwa m'chisoni. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali, Dornier 228, imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, inasowa pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo itaipa. Inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atatisiya. Kuno ku Zomba maliro amenewa anali apakhomo, chifukwa ndegeyo kwawo kunali konkuno ndipo phokoso lake tinkalidziwa.

Sabata imeneyo mayi a kunyumba sanatchule za ndege yathu. Anadikira mpaka tsiku lina titatha kudya, ana atalowa. "Abambo, aja anali akatswiri, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Nanga inu a Loweruka?" Sindinawatsutse. Ndinangowauza malire amene ndili nawo: layisensi yanga ndi youluka ndikuona pansi ndi kutsogolo, masana okha, ndipo mu mtambo sindiloledwa kulowa. Palibe amene amandidikira kumene ndikupita, choncho palibe chondikakamiza kunyamuka kukakhala kosaoneka bwino. Anati amva. Sananene kuti avomera.

Malire amenewo anayesedwa nthawi yomweyo, chifukwa Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni. Amene mukukhala ku Zomba kuno mukuchidziwa: mphepo yozizira yochokera cha ku Mozambique, kamvula kowaza, phiri lonse n'kubisika mpaka Ku Chawe osaoneka. Ndege inali itakonzeka, koma ndinkadzuka m'mamawa, kuyang'ana kuphiri, n'kubwerera m'bulangete. Lamulo langa ndi losavuta. Ngati ndili pakhonde sindikuona nsonga ya phiri la Zomba, galimoto sindiiliza.

Tsiku limene kunayera, ndinapeza Madala atavala jekete, atakhala kale pa mpando wa kumanja. Ndege imene waitsegula injini amayamba waikwera iye mwini. Ndinazungulira ndegeyo monga mwa mwambo, n'kukhetsera mafuta m'kabotolo koonekera kuchokera pansi pa phiko lililonse. Mafuta a ndege zoterezi, avgas 100LL, ndi abuluu, ndipo madzi akakhalamo amakhala pansi pa kabotolo ngati kadontho koyera kosasakanikirana. Phiko lakumanja linatulutsa kadontho kotero. Ndinakhetsa mpaka kanatha. Tisanalowe mu msewu wonyamukira ndinayesa mamagineto. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo amalandira moto kuchokera ku mamagineto awiri osadalirana, osadaliranso batire. Umazimitsa imodzi n'kuona kuti injini yatsika pang'ono chabe, kenako inzake. Madala anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndisachedwe pansi.

Chifukwa chake n'chakuti silinda yatsopano siifuna kunyengereredwa. Kuti maring'i akhazikike bwino m'khoma lake, injini iyenera kugwira ntchito mwamphamvu, cha m'ma 75 peresenti, ili ndi oyilo wamba wopanda zosakaniza. Ukaiyendetsa monyengerera, khomalo limachita galasi ndipo idzamwa oyilo moyo wake wonse. Koma injini yotere imafooka ukamakwera, chifukwa mpweya wa m'mwamba ndi wopepuka. Ndiye zouluka pamwamba pa phiri la Zomba, limene limapitirira mamita 2,000, tinazisiya. Tinalidutsa cha kum'mwera, tauni ili kumanzere kwathu, n'kutsetserekera ku chigwa cha Chilwa kumene nthaka ili pansi.

Ndinabadwira m'boma lino, koma nyanja ya Chilwa ndinaidziwa tsiku limenelo. Ukakhala pa doko la Kachulu umangoona madzi ndi mabwato. Uli m'mwamba umaona kuti mbali yaikulu ndi dambo la milulu ndi bango, lodulidwadulidwa ndi tinjira ta madzi timene asodzi anatsegula, ndipo mkati mwa udzumo muli tizisakasa tawo toyandama. Mtsinje wa Likangala umaoneka ukulowa ndi madzi ake ofiira, minda ya mpunga ili m'mbali. Chilumba cha Chisi chinali chitazingidwa ndi madzi mbali zonse, zovuta kukhulupirira kuti mu 2018 anthu ankayenda pansi pouma m'madera ena a nyanjayi. Kutali kum'mwera Mulanje anali atatulutsa mutu pamwamba pa mitambo.

Madala zonsezi sanazione. Maso ake anali pa geji ya kutentha ndi ya mphamvu ya oyilo, kabuku kali pa bondo, akulemba manambala mphindi zingapo zilizonse. Nditawalozera chilumba anangoti, "Chiliko kuyambira kale, bwana. Onjezani moto pang'ono." Tinazungulira chigwacho koposa ola, mafuta akutsika pa mlingo wa malita oposa 30 pa ola, ine ndikuwerengera mumtima kuti mphindi iliyonse ikudya makwacha angati.

Titatera ku Chileka anatsegula chivundikiro cha injini, n'kuyendetsa chala kuzungulira tsinde la silinda yatsopano ija. Chala chinatuluka chouma. Anasolola cholembera m'thumba la jekete, chomwe chija chinatha inki mu Okutobala, n'kusaina m'buku. Kenako anandipatsa pepala la ngongole yake ndi malangizo: maola otsatirawo tiuluke motsika ndi mwamphamvu chomwecho, tisamachite zotera n'kunyamukanso, ndipo tizilemba oyilo aliyense amene tathira kufikira atasiya kutsika.

Mnzathu wa ku Blantyre uja anagulitsabe gawo lake mwezi wotsatira. Amene anagula ndi mayi wina, dokotala, yemwe anaphunzira kuuluka ine ndisanayambe, ndipo anabwera ndi malamulo ake pa kasungidwe ka ndalama za gulu amene anatikwiyitsa tonse awiri otsalafe. Za iyeyo, ndi za ulendo wa ku Likoma umene mayi a kunyumba anakwera nawo koyamba, ndidzakamba m'gawo 10.